Msitu Womwe Unkatchinga Ndege

Passmore Mbewe anali asanakwerepo ndege chibadwire, koma mukanamufunsa za ndege zakale, zija za mapiko awiri osanjikizana, mukanachita kumupepesa kuti asiye. Masana ankakonza mafoni m'kashopu kena ku Norton, pafupi ndi pokwerera makombi, timabasi tating'ono tija. Akaweruka ankakhala pa kompyuta yake yaikulu m'chipinda chomwe ankachita lendi, n'kumamanga ndege. Osati za mawaya zoseweretsa ana ayi. Zake zinali za mu pulogalamu ija yoyeserera kuulutsa ndege, yomwe munthu amangokhala pampando kunyumba kwake, atagwira kandodo kowongolera, n'kumadziona ngati ali m'mitambo. Ndege zimenezo pamafunika wina wozimanga chidutswa ndi chidutswa, ndipo Passmore anali ndi luso lake. Ankatha sabata yathunthu akulimbana ndi mawaya olumikiza phiko lam'mwamba ndi lam'munsi, kapena makwinya a nsalu yokuta mapikowo, zinthu zoti munthu wabwinobwino sangaziyang'ane n'komwe. Anzake a pa intaneti, ambiri mwa iwo azungu okalamba a kutsidya kwa nyanja, ankamutamanda, ndipo iye kutamandidwako ankakukonda kuposa chakudya.

Mmodzi wa anzakewo, wa ku Australia, anamutumizira zithunzi zakale za ndege yachikasu ya agogo ake, amene anali ndi famu ya fodya kufupi ndi Macheke. Anapempha kuti amumangire ndegeyo pamodzi ndi famu yonse, kuti aziuluka momwe agogo akewo ankauluka. Passmore atangoona chithunzi choyamba, anawazindikira malowo. Shedi yosungiramo ndege yomwe inali pa chithunzipo ankaidziwa. Ndegeyonso ankaidziwa, ngakhale kuti m'masiku ake inali itasiya kale kuuluka, nkhuku zikuikira mazira pampando wa woyendetsa. Famuyo inali ya kwa Mandevu, monga momwe antchito ankamutchulira mzunguyo, ndipo Passmore anabadwira pa komboni yake, m'nyumba ya udzu kuseri kwa mabalani owotchera fodya. Bambo ake, a William Mbewe, anagwira ntchito pamenepo kuyambira ali mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Dedza, mpaka chaka chomwe mafamu a azungu analandidwa n'kugawidwa, antchito n'kubalalika. Kodi Passmore anamuuza zimenezi mnzake wa ku Australia uja? Sanamuuze. Anangolemba kuti dera la Macheke amalidziwako pang'ono.

Ntchitoyo inamudyera miyezi. Ndege anaimanga mpaka timisomali ta pa injini, ndi mafuta akuda otsetsereka m'mbali mwake. Famu anaitenga pa zithunzi za setilaiti, zija zojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kuwonjezera zomwe ankakumbukira: nyumba ya mzungu ya khonde lalitali, damu, mzere wa mabulugamu, ngakhalenso komboni ndi timanyumba take. Vuto linabuka pa bwalo loterapo ndege. Linali kamsewu ka udzu, kafupi, ndipo kumapeto kwake kunali kamsitu kowirira, mkuyu waukulu uli pakati. Anzake aja atayamba kuyesa, ankati akangonyamuka, n'kukadziwombetsa m'mitengomo. Ena ankangoseka. Koma wina analemba pagulu kuti ndegeyo ndi yokongola, kungoti munthu woika mitengo kumapeto kwa bwalo ndiye kuti ndege amangoziona m'mabuku.

Mawu amenewo anamulasa, poti anali oona. Kamsituko sikanali kachilendo kwa iye. Anali manda a anthu a pa komboni. Anthu ochokera ku Malawi analibe mudzi wokaikako maliro awo m'dziko lino, choncho ankaika pomwepo, ndipo ankasunga mwambo wa kwawo wakuti kumanda sadulako mtengo, ngakhale nkhuni yogwa yokha satola. Mayi ake omubereka, a Nankhoma, anagona pansi pa mkuyu uja iye ali wamng'ono. Zonsezi ankazidziwa bwino lomwe. Komabe mitengo yonseyo anaichotsa, n'kutalikitsa bwalo kudutsa pomwepo, n'kuyalapo udzu wosalala. Anadziuza kuti izi ndi zithunzi chabe, palibe nkhwangwa yomwe yakhudza mtengo. Kwa kanthawi ankati akafika pamenepo, n'kumayang'ana kumbali. Kenako mauthenga oyamikira anayamba kubwera, ndipo munthu akamayamikiridwa sachedwa kuiwala.

Chinamugwetsa ndi pakamwa pake. Anakadzitama kwa mlongo wake wamkulu, Shylet, yemwe ankagwira ntchito yolongedza ndiwo zamasamba pa famu ina kunja kwa Norton. Bambo awo ankakhala naye kumeneko, miyendo itatupa, kuyenda kwake kongofika kutchalitchi n'kubwerako basi. Ku Macheke mkuluyo anali asanapondekonso chichokereni. Shylet atamva, anati abwere ndi laputopu Lamlungu, mudala adzaoneko ndege ya Mandevu. Passmore anavomera mosangalala, poganiza kuti akawaonetsa ndege, awayendetse pang'ono cha kudamu, basi adye nkhuku abwereko.

Lamlungulo atatsika kombi, anapeza Shylet akumudikira pamsewu, akadali mu yunifomu ya amayi a kutchalitchi.

"Wachedwa, shuwa," anatero Shylet. "Anthu adzaza m'nyumba. Ndabwereka TV ya aneba ndi batire ya sola, kuti onse aone bwino."

"Anthu ake ati, sisi?"

"A kwa Mandevu, nanga enanso ati? A Saidi abwera, mayi Keziya abwera. Baba avala jekete lawo lakuda."

"Jekete la chiyani kutentha konseku?"

Shylet anamuyang'ana ngati wafunsa zamisala. "Hanti, si paja akukaona amayi? Sabata yonse sakamba china. Akuti mwana wanga andikweza ndege, ndikaone pomwe agona a Nankhoma."

Passmore anaima pakati pa njira. Chikwama cha laputopu chinalemera mwadzidzidzi. Kubwezeretsa mitengoyo sikunali kovuta, koma kunkafunika kompyuta yaikulu ija yomwe inatsala m'chipinda chake m'tauni. Mu laputopu munali famu yomalizidwa kale, yoti n'kungouluka basi. Anayang'ana kumsewu. Kombi inali itapita, fumbi lake likutha.

"Sisi, laputopu iyi nthawi zina imakana kuyaka," anatero.

"Ikakana lero ndikuyatsa iweyo," anayankha Shylet, n'kumulanda chikwama. "Manje tiye. Wayamba liti manyazi, iwe wodzitama?"

M'nyumba munali mdima, poti anali atatseka zenera ndi chitenje kuti chithunzi chizioneka. Anthu anakhala pa mabenchi ndi pa mphasa, ngati pali mapemphero. Bambo ake anali pampando wawo kutsogolo, atameta ndevu, jekete atamanga mabatani onse, chipewa chili pa bondo. Pambali pawo panali a Saidi, Msilamu wamtali yemwe kale ankasonkhezera moto m'mabalani a Mandevu, mnzawo wa pamtima kuyambira unyamata. Mayi Keziya, amene anasiya ana awo m'manda aja, anali pamphasa atatambasula miyendo. Passmore anagwada n'kupereka moni kwa aliyense.

"Ndi ameneyu," anatero a Mbewe, akumuloza ndi chipewa. "Munkamuona akuthamangitsa nkhuku mu shedi muja. Lero ndege ija waidzutsa."

Anthu anawomba m'manja. Passmore anaweramira mawaya, akuchedwa dala kulumikiza, akupemphera kuti china chake chipse. Sichinapse chilichonse. Zinthu zimakonda kuyenda bwino tsiku lomwe munthu sukufuna.

Ndege yachikasu inaoneka pa kanema, itaima pa udzu kutsogolo kwa shedi. Anthu anafuula. A Saidi anadzuka n'kuyandikira, akugwedeza mutu.

"Ndi yomweyo! Onani a Mbewe, ngakhale chigamba chija cha paphiko chilipo. Kodi mwanawe, zimenezi ndi zenizeni, kapena ndi zojambula ngati za m'mabuku a ana?"

Passmore asanatsegule pakamwa, Shylet anayankha, akunyadira mlongo wake. "Zenizeni, sekuru. Anatenga pa zithunzi za setilaiti za chaka chomwe chino. Anandiuza yekha kuti mtengo uliwonse uli pamalo pake, monga momwe kuliri lero. Si choncho, Passmore?"

Mpata wonena zoona unali pomwepo, wotseguka ngati chitseko. Passmore anauona bwinobwino. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Injini inalira, ndipo okalamba aja anaseka ngati ana. A Saidi anayamba kuonetsa momwe ankapukusira pulopela ndi manja kuti injini iyake, n'kudumphira kumbuyo kuopa kuduka mkono. Passmore anatembenuza ndege kuti inyamuke cholozera kudamu, manda akhale kumbuyo. Anaikweza m'mwamba, n'kuyamba kuzungulira. Anawaonetsa damu, anawaonetsa mabulugamu, anawaonetsa nyumba ya mzungu kutsogolo ndi kuseri komwe. Atafika pa komboni, phokoso linakula. Aliyense ankaloza nyumba yake, ena kukangana kuti ya uje inali iyi osati iyo. Mayi Keziya anapeza mpope womwe ankatungapo madzi, n'kulira pang'ono, kenako n'kuseka. Passmore anazungulira pa komboniyo kambirimbiri, mpaka anthu anayamba kuchita chizungulire. Kenako anabwereranso kudamu.

"Damu taliona," anatero bambo ake mofatsa. "Ife si asodzi. Tembenukira kumanda."

"Ndiyambe ndakuonetsani mapiri, baba. Ndi okongola kuchokera kumwamba."

"Mapiri tidzaona tsiku lina. Mayi ako akudikira."

Panalibenso kothawira. Anapendeketsa kandodo kaja, ndege n'kuyamba kukhota pang'onopang'ono. Anaiyendetsa mochedwa monga momwe ikanathera osagwa.

A Saidi, poona kuti ulendo walunjika kumanda, anatembenukira kwa achinyamata omwe anaima pakhomo. "Inu ana, muone mkuyu womwe tikukaonawu. Mtengo umenewo unagonjetsa mzungu. Tsiku lina Mandevu ponyamuka anakola nthambi, tayala n'kuthyoka. Atatera chokhwekhwereza, anakwiya mpaka kufiira. M'mawa mwake anatigawira nkhwangwa kuti tikagwetse msitu wonse. Tinapita. Titafika pakhomo pa manda, a Mbewe awa anangokhala pansi, nkhwangwa pamiyendo. Ife n'kukhalanso. Akhristu, Asilamu, a gule, tonse pansi."

"Ndiye murungu anatani?" anafunsa wina pakhomo.

"Anatani? Anatidulira phoso. Ana ankagona ndi njala, koma palibe anadzuka. Anakatenga anthu a ku famu ina, iwonso atamva kuti ndi manda anabwerera. Anatiopseza, anatinyengerera, mpaka dzinja linatha. Mapeto ake anaphunzira yekha kukhotetsa ndege kumanzere akangonyamuka. Moyo wathu wonse pa famu ija, ndi nthawi yokhayo yomwe tinati ayi, ayiyo n'kukhala ayi."

A Mbewe anamwetulira, akusisita chipewa. "Nthawi imeneyo a Nankhoma anali asanagone mmenemo. Ndinkaikira kumbuyo amayi a eni ake, osadziwa kuti ndikukonzera mthunzi mkazi wanga."

Nkhani imeneyi Passmore anali ataimva kambirimbiri ali mwana, koma inali isanamupwetekepo chonchi. Anafuna kuti batire ithe, kuti TV iphulike, kuti nthaka itseguke. Bwalo la ndege linaoneka kutsogolo, likubwera. Linali lalitali, lowongoka, lobiriwira bwino kuyambira kushedi mpaka kumapeto. Kumapetoko kunalibe kanthu.

Anthu ankadikira kuti msitu uoneka, mwina uli patsogolo pang'ono. Ndege inadutsa pamwamba pa udzu wosalala uja, n'kufika pa munda wa fodya.

"Wadutsa," anatero bambo ake. "Bwerera."

Anabwerera.

"Tsika pang'ono. Maso angawa ndi okalamba."

Anatsika mpaka matayala anatsala pang'ono kukhudza udzu. A Mbewe anadzuka movutikira, atagwira phewa la a Saidi, n'kuyandikira kanema mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anaika chala pa mzere wa mabulugamu, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono kutsata kanjira komwe ankanyamulira maliro. Chalacho chinafika pa udzu, n'kuima. Passmore anaimitsa pulogalamu, chithunzi n'kuuma pomwepo, chala cha bambo ake chili pakati pa bwalo.

"Pano," anatero a Mbewe. "Mkuyu unali pano."

"Adula," ananong'ona a Saidi. "Anthu omwe anapatsidwa malo aja adula manda athu."

Mayi Keziya ndi amene anayamba. Anaika manja kumutu n'kutulutsa mfuu ya maliro, yeniyeni, yoitana ana awo maina awo mmodzimmodzi. Amayi ena anawalandira. Kulirako kunatuluka pakhomo n'kumwazika pa komboni yonse yomwe Shylet ankakhala, ndipo aneba anabwera chothamanga, ena atanyamula kale zitenje, poganiza kuti mudala Mbewe watsikira kulichete. Pakhomo panadzaza anthu. Achinyamata anayamba kukalipa m'Chishona, akuti mawa lomwe apeze lole apite ku Macheke akamuone munthu wolima pamanda a anzake. Wina anati ayambire kupolisi, wina anati kupolisi kochita chiyani, angopita. Shylet anatsamira khoma, atadziphimba kumaso ndi nsalu ya kumutu.

A Mbewe sanalire mokweza. Anasiya mpando wawo n'kukhala pansi pa simenti, miyendo yotupa ija atatambasula, monga amakhalira amfedwa. Chipewa chinagwera pambali. "A Nankhoma," ankatero motsitsa, "a Nankhoma, ndinakusiyani nokha. Akuyendani pamwamba ndi thirakitala ine ndili kuno kudya ndi kugona. Mundikhululukire, mayi."

Bodza linali litadzikonza lokha, Passmore osalipangira n'komwe. Chomwe ankafunika kuchita ndi kungokhala chete. Mlandu unali utagwera kale anthu osadziwika a kutali, ndipo iye akanatuluka m'nyumbamo akadali mwana wanzeru wa a Mbewe, amene anaulula zoipa zomwe zachitika kumanda. Za lole zija mwina zikanathera pakamwa, monga zimathera zambiri. Anaziganiza zonsezi, ndipo tisamunamizire kuti sanakopeke. Anakopeka ndithu. Koma anayang'ana bambo ake pansi paja, akupepesa mkazi wawo mlandu womwe sanapalamule, ndipo anadziwa kuti akangowasiya choncho, adzafa akupepesabe.

Anasiya kandodo kaja n'kugwada patsogolo pawo.

"Baba, mitengo ilipo," anatero.

Mawuwo anamira m'kulira kwa amayi. Bambo ake sanatukule n'komwe mutu. Anabwereza, osamvekabe. Zinatengera kuti akuwe, iye amene ankafuna kuti zithere m'khutu la munthu mmodzi.

"Mitengo ilipo! Palibe munthu wadula! Ndinachotsa ndine, mu kompyuta muno!"

Kulira kunaduka pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo mpaka pakhomo. Mayi Keziya anatsitsa manja. Anthu onse aja, a m'nyumba ndi osuzumira pazenera, anamuyang'ana. Passmore anakokera laputopu pafupi, n'kufufuza chithunzi cha setilaiti chomwe anatengerapo famuyo. Chinaoneka pa kanema, chosakongola, chotuwa. Nyumba ya mzungu inali yopanda denga, mabalani atagumuka, bwalo la ndege litasanduka minda ya chimanga. Koma pakona paja panali chigulu chobiriwira, chowirira, ndipo pakati pake mutu waukulu wa mkuyu unkaonekera bwino.

"Ichi ndiye chenicheni, baba. Cha chaka chino. Eni malo atsopano alima mozungulira, sanakhudze."

A Saidi anawadzutsa anzawo. A Mbewe anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anaikanso chala, ulendo uno pa mkuyu, n'kuusisita pang'ono ngati akupukuta fumbi. Misozi inatsika tsopano, koma pakamwa pankamwetulira.

"Wakula," anatero. "Mayi Keziya, bwerani muone. Ana anu ali pamthunzi. Mkuyu wakula kuposa kale."

Mayi Keziya anakwawa kudzaona, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ataona, anati Mulungu adalitse anthu olima mozungulira aja, amene posachedwapa ankatukwanidwa m'nyumba yomweyo. Achinyamata a lole aja anayang'anana, n'kuyamba kuzemba mmodzimmodzi. Aneba ena anatsala, poti zinkaoneka kuti nkhani sinathe. Shylet anamuyang'ana mlongo wake kamodzi kokha, n'kuyang'ana pansi. Nayenso manyazi anali atamugwira, chifukwa ndi iye anaitana anthu, ndi iyenso analumbira kuti zonse n'zoona.

Passmore anali chigwadire. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo kunena zoona ankakufuna. Ndodo ya bambo ake inali pafupi, ndipo akanaitola n'kumukwapula nayo pamaso pa anthu, akanathokoza. Koma a Mbewe anabwerera pampando wawo, n'kutola chipewa, n'kuchikung'untha. Atayankhula, mawu awo anali ofatsa, a munthu wongofuna kumvetsa.

"Tandiuza, mwana wanga. Mwina sunadziwe kuti ndi pamanda? Unachoka uli wamng'ono."

Ankamupatsa pothawira, pamaso pa anthu, monga amachitira kholo.

"Ndinkadziwa, baba."

"Unkadziwanso kuti mayi ako ali pamenepo?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye anakutuma ndani? Mdzukulu wa Mandevu uja?"

"Ayi. Iye sadziwa n'komwe kuti pali manda. Sanandiuze munthu."

"Nanga unachotseranji?"

Passmore anafunafuna yankho lina, lomveka bwinoko, koma lomwe linalipo linali limodzi lokha. "Inkatchinga ndege, baba."

A Saidi anatulutsa mpweya m'mphuno, n'kuyang'ana kudenga.

"Ndikafika kunyumba ndikabwezeretsa," anafulumira Passmore. "Lero lomwe. Mtengo uliwonse, ndi mkuyu womwe. Sabata yamawa ndibweranso ndidzakuulutseni bwinobwino."

"Usavutike," anatero a Mbewe. "Ndaona kale, pa chotuwacho." Anazunguza chipewa m'manja. Kenako anaweramira kutsogolo, n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso, mopanda mkwiyo, ndipo kusakwiyako ndi komwe kunapweteka kwambiri. "Pali chimodzi chokha chomwe ndikufuna kudziwa, poti ine za makinawa sindizidziwa. Msitu uja ndi waukulu. Unakuvuta kugwetsa? Unatopa nawo?"

"Ayi, baba," anatero Passmore. "Ndinangodina kamodzi."

A Mbewe anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamasula mabatani a jekete, n'kulivula, n'kulipereka kwa Shylet kuti akalipachike.